Diso la Mayi Ozella

Mayi Ozella Pettaway sanagulepo duwa chibadwire, ndipo sanathokozepo munthu chifukwa cha duwa. Zinthu ziwirizi amazinena akutulutsa chifuwa, ngati mmene ena amanenera kuti sanalawepo mowa.

Anayendetsa basi ya ana asukulu kuno ku Mobile, ku America, zaka 28, ndipo anthu amene anakwera basi imeneyo, ena ndi maloya tsopano, amakhalabe chilili akamva mayiwa akutsokomola. Atapuma ntchito anakhala wolandira anthu pakhomo la tchalitchi chathu, atavala magolovesi oyera mbee. Koma ine ndakhala moyang'anizana nawo zaka zambiri, ndipo ndikudziwa zimene zimakhala m'chikwama chawo cha Lamulungu: Baibulo, maswiti, sizasi, nyuzipepala yonyowa, ndi jumbo ya buledi.

Kuno aliyense amadziwa kuti munthu akakupatsa nthambi ya duwa sunena zikomo. Ukanena, duwalo limamva, n'kufa. Umangolandira, n'kufunsa za bondo la amuna awo. Mayi Ozella lamuloli analipititsa patsogolo. Amati duwa lopatsidwa limamera, inde, koma lakuba limathamanga. Choncho pabwalo pawo mtengo uliwonse uli ndi dzina la mwini wake. Akamakuyendetsani amakuuzani kuti awa ndi Mayi Hightower, uyu ndi dokotala wa mano, awo kumpandako ndi manda a Akatolika. Dokotala wa mano ndiye amabereka kwambiri.

Mwa maluwa onse, mtima wawo uli pa lipenga la mngelo. Ine anandiphunzitsa kulizindikira mondichititsa manyazi. Chaka china ndinadzala chitsamba cha maluwa oyera pakhomo panga, ndikuyenda monyada. Iwo anawoloka msewu, naima, nachiyang'ana ngati akuyang'ana mwana amene wasanza m'basi. Anandiuza kuti lipenga la mngelo ndi mtengo weniweni, wotalika kuposa munthu, ndipo maluwa ake, aatali ngati phazi la bambo, amalendewera pansi chifukwa mngelo ali kumwamba akuimbira ife. Changacho chinali chachifupi, maluwa oloza kumwamba, zipatso zaminga ngati kanungu. Limenelo ndi lipenga la satana, iye ali pansi akuchita mwano. Onse awiri ndi poizoni kuyambira muzu mpaka duwa, koma mmodzi yekha ndiye woyenera pakhomo la Mkhristu. Lamulungu lotsatira anapempha mpingo undipempherere.

Malipenga anali nawo oyera, achikasu, ngakhale ena ofiirira oba ku Pensacola. Koma limodzi lokha, limene ankalifuna koposa onse, analibe. Linali la malemu amayi awo, Mayi Idella: lipenga m'kati mwa lipenga linzake, la mtundu wa khutu la kamwana ka nkhumba, fungo lake madzulo lofika misewu itatu. Mayi Idella anabwera nalo kuchokera ku Selma mu 1961, litakulungidwa m'pilo yonyowa, atalidula pabwalo la mzungu amene ankamusitira zovala. Mukuona kuti ntchitoyi ndi yakumtundu.

Mayi Ozella sanadulepo nthambi yake amayi awo ali moyo, chifukwa munthu suba kwanu. Kenako nyumba inatsala m'manja mwa achimwene awo a Thurman. A Thurman atamwalira inatsala ndi akazi awo, Mayi Verlene, amene anakulira ku Chicago. Ndipo pa maliro a a Thurman pomwepo, Mayi Ozella analawa saladi ya mbatatesi, naika foloko pansi, nafunsa ndi mawu aja a m'basi kuti ndani waika mphesa zouma m'chakudya cha anthu olira. Anali Mayi Verlene.

Kuyambira tsiku limenelo, zaka zisanu ndi zinayi, geti la nyumba ija linatsekedwa. Mayi Verlene anakweza mpanda, namangirira timabelu ta Khirisimasi m'nthambi za mtengowo, nagula kagalu kamene kamauwa ngakhale mtambo ukadutsa. Ankati anakwatiwa ndi a Thurman pamodzi ndi mtengowo, ndipo mlamu wawo akaufuna akaununkhize ali pamsewu ngati wina aliyense. Mayi Ozella ankaununkhizadi. Ankaimika galimoto pakona, mawindo otsegula, akunamizira kufunafuna chinthu m'chikwama.

Chaka chatha mu Novembala anandigogodera Loweruka masana. Anati Mayi Verlene ali ku saluni, tsitsi lawo limatenga maola atatu, ndipo ine ndikhale m'galimoto ndiziyang'ana msewu. Ndinawakumbutsa kuti ndine msungichuma wa kwaya. Anandikumbutsa za lipenga la satana. Ndinakwera.

Mayi wa zaka 71 anadutsa pampanda paja ngati utsi. Kagalu anakapatsa khungu la nkhuku yokazinga, n'kukhala mbale wawo. Timabelu anatigwira kamodzikamodzi n'kutitsekera ndi thonje. Ndiye anakwera pa mpando wa pabwalo, chifukwa nthambi yabwino sadula pansi. Mtengo umenewu umakwera wowongoka kenako n'kupanga mphanda, ndipo maluwa amayambira pamwamba pa mphandapo. Ukadula m'munsi, udzathirira masamba okhaokha mpaka utopa. Ukadula pamwamba, kanthambiko kamadziwa kale ntchito, chaka chomwecho kamachita maluwa.

Anadula zitatu. Koma magolovesi a kumunda anawaiwala, ndipo oyera aja anali atachapidwa kudikira Lamulungu, sakanawadetsa ndi tchimo. Anagwira ndi manja. Dzuwa linali loswa mtengo, thukuta linatsikira m'diso, iwo n'kupukuta ndi chala chautomoni.

Kutacha, anaima pakhomo la tchalitchi, magolovesi mbee, chipewa chili m'malo mwake, diso lakumanzere lili bwinobwino. Lakumanja kamwana ka m'diso kanali katakula mpaka diso lonse bii, ngati batani la jasi. Ankapereka mapepala a nyimbo kumbali kwa anthu. Wina anati ndi sitiroko. Wina anathamangira madzi. Abusa anali atayamba kale kuvula jekete kuti asanjike manja, pamene Mayi Verlene anafika ndi tsitsi lawo latsopano, naima, nasuzumira m'disomo modekha ngati akusankha nsomba.

"Abusa, valani jekete," anatero. "Diso ili ndikulidziwa. A Thurman ankakhala nalo chaka chilichonse akadulira mtengo uja. Alamu, mwadula zingati?"

"Ndi shuga," anatero Mayi Ozella.

"Shuga wake wotsekera mabelu anga ndi thonje?"

Kwaya inaimba tsiku limenelo, koma palibe anamva. Mpingo wonse unkatembenuka kuyang'ana diso, ndipo diso linkayang'ana mpingo wonse nthawi imodzi. Linakhala choncho masiku asanu. Dokotala anawauza kuti ali ndi mwayi kuti chalacho sanachiike m'kamwa, iwo n'kumuyankha kuti duwa la pawindo lake likufuna madzi.

Lolemba Mayi Verlene anabwera kudzatenga katundu wawo. Mayi Ozella, atavala magalasi akuda, anawalandira mwaulemu woopsa, nawatsegulira galaja. Mukudziwa mmene timasungira malipenga nyengo yozizira: timadula timitengo, n'kutiimika m'ndowa ya madzi mpaka titatulutsa mizu. M'galajamo munali ndowa zinayi, timitengo toposa makumi asanu ndi limodzi, topanda tsamba, topanda duwa, tofanana ngati zala za foloko. Anawauza kuti asankhe tawo.

Mayi Verlene anatinunkhiza, anatitembenuza, anatiyang'anira padzuwa. Pomaliza anazula titatu tonenepa kwambiri, nati akukatiponya m'bini kuti wakuba asapindule. Anapita ndi timitengo ta dokotala wa mano. Ta Mayi Idella tinali titapakidwa kadontho ka kyutekisi wa m'zikhadabo kumunsi, pansi pa madzi, ndipo tinatsala m'ndowa tili phee.

Ndiye Januwale anabwera ndi zimene sitinazionepo. Kunagwa chipale chofewa ku Mobile, chofika m'akakolo, anthu akutsetsereka pamsewu atakhalira zivindikiro za mabini. Lipenga la mngelo limapsa ndi chisanu chaka chilichonse, zimenezo sitidandaula. Umalidula, n'kuunjikira masamba ouma a paini patsinde, ndipo kukafunda limaphukanso kuchokera kumizu. Koma Mayi Verlene anali ku Chicago kwa mwana wawo wamkazi amene anali atangochira. Tsinde linagona pamtunda, losafunda, masiku anayi. Geti linali lokhoma. Mayi Ozella anafika pampanda paja ndi matumba awiri a masamba a paini, koma tsiku limenelo bondo linakana kukwera, ndipo ine ndinali chigonere ndi chimfine. Anaponya matumbawo pamwamba pa mpanda. Anagwera patali.

Malichi anadutsa, pa chitsa palibe kanthu. Epulo, palibe. Mu Meyi Mayi Verlene anakumba pang'ono ndi supuni, napeza mizu yafewa ngati nthochi yowola. Mtengo wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi unali utapita. Kutchalitchi anasiya kukhala kutsogolo. Wina anandiuza kuti timabelu tija anatipachika pa chitsa.

Ku galaja kuja timitengo titatu tinali titatulutsa mizu yoyera ngati ndevu. Tiwiri Mayi Ozella anadzala pakhonde, kamodzi m'chidebe. Anatidyetsa feteleza ngati akunenepetsa nkhumba ya ukwati, akuthirira m'mawa ndi madzulo, akutola mbozi ndi manja, tsopano atavala magolovesi awiri dzanja lililonse. Mu Sepitembala, poti anadula pamwamba pa mphanda, malipenga anatsika. Lipenga m'kati mwa lipenga, khutu la kamwana ka nkhumba. Fungo linalowa mpaka m'kabati yanga ya mbale.

Sabata yomweyo galimoto ya Mayi Verlene inayamba kusochera mumsewu mwathu. Inkadutsa pang'onopang'ono, mawindo otsegula, mwini wake akufunafuna chinthu m'chikwama.

Ine ndinati apa mpata wapezeka, apite nacho chidebecho akawapatse, nkhani ithe. Mayi Ozella anandiyang'ana ngati ndadzalanso satana. Anati mlamu wawo ndi wa ku Chicago, anthu a kumeneko zikomo amatuluka yekha ngati chitsokomolo, ndipo iwo sanasunge mtengo wa amayi awo nyengo yonse yozizira kuti ukaphedwe ndi ulemu. Komanso munthu amene anakuyalutsa pamaso pa abusa sumupititsira mphatso, angayese wapepesa.

Chimene anachita ndi ichi. Loweruka anakoka chidebe chija mpaka pageti, nasiya geti losatseka. Kenako anaimbira foni Mayi Hightower, amene nkhani siigona m'kamwa mwawo, n'kuwauza kuti akupita kukagula mlamba kutsidya kwa mzinda, adzatenga maola atatu, ndipo kunyumba kulibe munthu. Ananyamuka. Ine ndinakhala kuseri kwa katani ndi kapu ya tiyi wozizira, pa udindo wanga wakale woyang'ana msewu.

Sipanathe theka la ola. Mayi Verlene anaimika galimoto pakona, nalowa pageti. Chidebe chija anachiyang'ana, nachizungulira, nachikankha pang'ono ndi phazi kuti adutse. Anapita molunjika pakhonde, pa mtengo wonenepa kwambiri, umene Mayi Ozella ankaulankhula m'mawa uliwonse. Anatsegula chikwama. Munatuluka sizasi, nyuzipepala yonyowa, ndi jumbo ya buledi. Anafufuza mphanda, nadula pamwamba pake, nthambi zitatu. Atatha sanathawe. Anaima pansi pa malipengawo nthawi yaitali, atandifulatira, nkhope ili m'kati mwa duwa limodzi.

Mayi Ozella atabwera ndi mlamba wawo anapeza chidebe chili pomwepo, mtengo wawo wokondedwa utametedwa mbali imodzi. Anatukwana mawu amene sindinkadziwa kuti olandira alendo kutchalitchi amawadziwa. Kenako anayang'anitsitsa podulidwapo, nagwedeza mutu, nati komabe wadula pamalo pake.

Lamulungu Mayi Verlene anafika atavala magalasi akuda. Mayi Ozella anawatsekera njira ndi pepala la nyimbo, nati m'nyumba ya Mulungu salowa ngati woimba gitala. Mayi Verlene anavula. Maso onse awiri anali bii, mabatani awiri a jasi.

"Ndi shuga," anatero Mayi Verlene.

"Ndi wa kumtundu ameneyo," anatero Mayi Ozella. "Nthambizo muziike m'madzi ofika chala chimodzi, musinthe madzi tsiku lachitatu lililonse. Ndipo chaka chino mufundike tsinde, alamu, ine mipanda ndasiya kukwera."

Mayi Verlene anatsegula pakamwa, ndipo tonse amene tinali pafupi tinaona mawu aja akubwera, milomo itayamba kale kupanga zi wa zikomo. Golovesi loyera linafika pakamwapo mawuwo asanatuluke. Anaima choncho kanthawi, wina atagwira mnzake pakamwa, abusa akuyang'ana osadziwa ngati avule jekete. Golovesi litachoka, Mayi Verlene anati chipewa cha mlamu wawo chikuoneka ngati chisa cha nkhuku. Mayi Ozella anati ameni, nawaperekeza kumpando wakutsogolo atawagwira pamkono, poti sankaona njira.

Mayi Verlene amaumirirabe kuti linali thukuta. Ine sindine dokotala, koma ndaonapo matendawa kawiri tsopano. Thukuta limalowa diso limodzi. Munthu amapukuta maso onse awiri pa chifukwa china.

Nthambi zitatuzo zagwira zonse. Za saladi ya mbatatesi sanakambiranebe.