Mkodzo wa Apongozi

Ndinkagwira ntchito yoyeza magazi ndi mikodzo pa chipatala china ku Macanga pamene apongozi anga aamuna anayamba kumva ululu m'chiuno cha kumsana. Ndi mlimi wa fodya ku Chidzolomondo, munthu wotha kulima tsiku lonse osamwa madzi, ati madzi amafooketsa mwamuna! Anafika pa mota, njinga yamoto ija, atapindika, akazi awo atawagwirira kumbuyo.

Adokotala anaganizira mwala mu impso, nalamula analize, ndiko kuyeza mkodzo. Tsono woyeza ndinali ine ndekha. Kwathu mpongozi sumuyang'ana n'kumaso komwe, nanga kumupatsa mkodzo? Apongoziwo anakana kwamtuwagalu, n'kukagona kwa mng'ono wawo.

M'mawa apongozi aakazi anandibweretsera kagarafa, kabotolo ka mkodzo, kokulunga m'chitenje. Nditaviikamo kapepala koyezera, palibe chilichonse. Munthu wobuula chonchija? Nditawapanikiza, anaulula kuti mkodzowo ndi wa mng'ono uja.

"Nanga si magazi amodzi?" anatero, osaseka n'komwe.

Koma inu! Mtima unandiwira. Bambowo anali atakhala pakhonde, atandifulatira monga mwa mwambo. Ndinayang'ana amayi, koma mawu ndinakweza kuti afike kwa eni ake.

"Amayi, auzeni abambo kuti pali tizilombo tina tobwera ndi mankhwala ake otchedwa enzima. Enzimayo imasintha mkodzo mpaka mchere wa m'menemo umagwirana n'kukhala mwala. Ngati ndi timeneto, kumwa madzi kokha sikukwanira, pafunika mankhwala otipha. Tikachedwa, impso ifa. Ndipo auzeni kuti impso za ang'ono awo zili bwino kwambiri, akawayamikire."

Amayi anatsegula pakamwa kuti abwereze, bambo n'kukweza dzanja. Anadzuka pang'onopang'ono, napita kuseri. Atabwerako anaika kagarafa pansi, pakati pa iwo ndi ine. Kanali kofiirira ndi magazi.

Ndinadikira kuti atume amayi. Ayi. Pa zaka zonse zimene ndinakhala pa banja lawo, tsiku limenelo ndi pamene anandiyankhula ine mwini.

"Mwana wanga," anatero, "ndikuopa."

Ukali wonse unandithera, chisoni chinandigwira. Ndinagwada, n'kunyamula kagarafako ndi manja awiri.