Mbewu yanga ya kachewere ndi dishi ya akamwini

Dishi ija sindinaifune ine. Ndiyambire pamenepo, chifukwa mpaka lero alipo anthu m'mudzi muno amene amanena kuti ndine nkhalamba ya mtima wa mwala imene inazimitsira anthu mpira.

Anaibweretsa ndi akamwini anga, amuna a mwana wanga wotsiriza. Iwowa anabwera kudzakhala pachikamwini, ndinawapatsa malo kuseri kwa khola la mbuzi, anamanga kanyumba ka udzu. Chaka china kabichi wawo anayenda malonda ku Linthipe. Tonse tinkati basi, malata afika. Tinangoona njinga yamoto ikukwera chitunda itanyamula chimbale chachitsulo chija amati dishi, tivi, ndi kabokosi kakuda kamene amati dikoda. Atatsitsa katunduyo ndi pamene anakumbukira kuti zimenezi zimadya magetsi, ndipo pakhomo pano nyumba ya sola ndi yanga yokha, imene anandisiyira malemu amuna anga.

Mwana wanga anabwera n'kugwada pakhomo.

"Amayi, akuti tingoyika kuno kwa masiku ochepa, mpaka agule sola yawo."

Masiku ochepa a akamwini ndimawadziwa. Koma mwana anali atagwada, adzukulu akudumphadumpha, ndinavomera. Anaboola khoma langa, kukhomapo chimbalecho chitayang'ana kumwamba ngati chikupempha mvula.

Kwathu kuno mpongozi ndi mkamwini sakhala chipinda chimodzi. Mukakumana panjira wina amapatuka, moni mumapatsana chakumbali, ndipo mawu aakulu amadzera mwa mwana. Ena anazisiya zimenezi, ine sindinasiye, ndipo akamwiniwo kwawo kufupi ndi Chongoni analeredwa chimodzimodzi. Ndiye taganizani. Tivi ili pabalaza panga. Loweruka masana, Lamulungu tikachoka ku Misa, akamwini amakhosomola panja, ine ndinyamule mphasa ndituluke. Iwo alowe, pambuyo pawo azibambo a mudzi wonse, ena oti sanandipatsepo moni chiyambire. Ndinkakhala kukhitchini ngati mlendo wobwera kudzapempha moto, kumvetsera anthu akukuwa m'nyumba mwanga. Akatuluka ndinkapeza makoko a nzimbe ndi fungo la nsapato. Sipuni ziwiri zinasowa. Ndinabisa zotsalazo.

Pabalazapo pali kachipinda kopanda chitseko, kotchinga ndi katani chabe. Mmenemo ndi mmene ndimasunga mbewu ya kachewere. Si mbewu wamba. Ndi yofiira khungu, ndakhala ndikuisankha ndekha chaka ndi chaka, yaing'ono ngati dzira la nkhuku, yopanda bala. Ndimaiyala pa ziguduli, kuiwaza phulusa, n'kuisiya mpaka itulutse mphukira zazifupi zonenepa, kenako ndimakabzala kudimba kukayamba kuzizira. Mbewu ya pamsika sindigula. Mnzanga wina anagula, dimba lonse linafota, ndipo nthaka yake mpaka lero sinachire. Dimba limenelo ndi limene limandigulira feteleza, sopo ndi mankhwala a miyendo. Ndikataya mbewu ija, ndiye kuti ndayamba kupempha kwa ana, ndipo ana anga ndimawadziwa.

Chaka choyamba zinkayenda. Akamwini ankalipira pa foni mwezi ndi mwezi. Kenako kunabwera uthenga woti mtengo wakwera. Anauza anzawo kuti azisonkha. Theka la anthu aja anayamba kudwala Loweruka, koma mpira ukangoyamba anachira, n'kudzaima pazenera. Sipanapite nthawi, mtengo unakweranso. Chaka chimene ndikunenachi, mvula ikutha, mpira wawo uli kumapeto kumene amati ndi kokoma, anapeza kuti masewero amene ankawafuna sakuonekanso pa pakeji imene ankalipira. Anali pa ina yapamwamba, ya zithunzi zowala imene amati HD, ndipo kuti zioneke bwino pankafunika dikoda yatsopano.

Mwana wanga anabweranso, kugwadanso.

"Amayi, akuti mwina muthandizeko pang'ono. Pajatu nanunso mumaonera mapemphero."

"Mapemphero ndimakawapeza kutchalitchi. Miyendo ikuwawa koma ikuyenda."

"Ndi ya HD amayi. Akuti munthu amaoneka ngati ali pompano."

"Anthu amene ali pompano ndatopa nawo kale. Ndilipire kuti abwerenso ena?"

Anachoka atakwinya nkhope. Ndinadziwa kuti kwawo kulibe kanthu. Kabichi anali atadyedwa ndi mbozi, chimanga chinali chisanaume. Koma patangotha sabata, dikoda yatsopano inafika, ndipo kukuwa kwa Loweruka limenelo kunaposa kale lonse. Munthu wopanda ndalama akagula chinthu, ine sindimuyamikira. Ndimayamba ndayang'ana za m'nyumba mwanga.

Mbuzi zinali zonse. Nkhuku zinali zonse. Ndinalowa m'kachipinda muja, poyamba ndinaona ngati zonse zili bwino, ziguduli zodzaza mpaka m'mbali. Koma ine ndimayala mothithikana, mbatata kukhudzana ndi inzake. Apa pakati pa mbatata ndi mbatata pankalowa zala ziwiri. Wina anatapa, n'kumwaza zotsalazo kuti mpata usaoneke. Paphulusa panali mikwasa ya zala. Ndinagwada pamenepo nthawi yaitali. Zala zake zinali zazing'ono, osati za mwamuna.

Sindinafunse munthu. Wakuba ukamufunsa wopanda umboni umangomuphunzitsa kusamala. Lolemba ndinavala chitenje chabwino, ndinati ndikupita kuchipatala, n'kukwera minibasi ya ku Chimbiya. Kumeneko m'mbali mwa msewu amayi amaika ndowa za kachewere, tomato ndi anyezi, kudikira magalimoto a ku Lilongwe. Ndinayenda pang'onopang'ono ngati wofuna kugula. Pa mayi wachisanu ndinaipeza. Yofiira, yaing'ono, mphukira atazikhudzula, koma m'maso mwake phulusa likadalimo.

"Agogo, tengani iyi, ndi yabwino ya tchipisi," anatero mayiyo.

"Ya tchipisi yaing'ono chonchi?"

"Aaa, ing'onoing'ono ndiye yokoma. Ana amaikonda."

"Mwalima nokha?"

"Ine kulima? Nthawi ndiipeza kuti? Amandibweretsera abambo ena aatali, ovala jezi yofiira nthawi zonse ngati alibe ina. Akuti akumaliza yotsala m'nyumba. Abweranso Lamulungu madzulo, mukafuna yambiri."

"Ayi, ndaiona. Yakwana."

Ndinagula zinayi zokha. Mbewu yanga ndinaigula ndi ndalama zanga, kuti ndikhale ndi choonetsa.

Nditafika ndinaitana mwana wanga kukhitchini, n'kuziika pansi patsogolo pake. Anaziyang'ana, kenako anayang'ana moto.

"Tikanabweza, amayi. Akuti tikakolola chimanga tikugulirani mbewu ina."

"Ya pamsika?"

Anayamba kusonkhezera nkhuni pamoto.

"Ankatapa ndani?"

"Iwo m'chipinda mwanu sangalowe, mukudziwa. Ndi ulemu."

"Ndiye ulemu wawo unatuma iweyo."

Analira. Misozi ya mwana amene wagwira thumba ine sinandigwire mtima. Ndinamubereka ndekha, ndinamuphunzitsa ndekha kusankha mbewu, n'chifukwa chake anatapa yabwino yeniyeni.

Ndinaganiza zochita. Kusamutsa mbewu sikukanatheka, chifukwa ikaphuka ukaigwiragwira mphukira zimathothoka. Chitseko chinkafuna kalipentala ndi matabwa, zimene ndinalibe. Kuitana ankhoswe, akanabwera patatha milungu iwiri, kudya nkhuku yanga, n'kutiuza kuti tikhululukirane. Pofika nthawi imeneyo mbewu ikanakhala ili m'mafuta ku Lilongwe. Kubzala kunali kutatsala milungu inayi. Mbewu inkachoka nthawi imodzi yokha, imene ine ndinkatuluka kupereka ulemu. Ndinaona kuti mankhwala ake ndi osavuta.

Loweruka masana ndinayala mphasa pabalaza, msana ku katani wa kachipinda kaja, lichero la nyemba pamiyendo. Ndinayamba kusankha. Panja anakhosomola. Ndinapitiriza kusankha. Anakhosomolanso, mwamphamvu, ngati munthu wa chifuwa chachikulu. Azibambo anafika pakhomo n'kuima, chifukwa mwini tivi anali asanalowe. Wina wa pakamwa, amene amakonza njinga, anasuzumira.

"Agogo, lero muli pa timu iti?"

"Ya nyemba."

"Tangosunthirani kukhitchini pang'ono, anthu akufuna kulowa."

"Lowani, malo alipo. Ndakuletsani?"

"Nanga akamwini anu?"

"Akamwini anga ndi munthu waulemu. Afunseni."

Ndinamva mawu awo kuseri kwa khoma, akulankhula ndi mkazi wawo koma mokweza kuti ndimve.

"Awuzeni amayi kuti mpira wayamba."

"Uwawuze amuna akowo kuti ndamva," ndinayankha. "Uwawuzenso kuti kunja kwayamba kuzizira, ndipo madokotala anandiletsa mphepo."

Mwana wanga analowa chozyolika n'kuyatsa tivi, mwina poganiza kuti phokoso lindithamangitsa. Ndi tsiku limenelo ndinaiona HD yawoyo ndi maso anga. Sananame, imawala. Udzu wa dziko la eni unkaoneka umodziumodzi, wobiriwira, wometedwa bwino. Ndinaona thukuta likuyenderera pakhosi pa mnyamata wina, ndi malovu amene analavula. Ndinati m'mtima, ndowa zanga za mbewu zinapita kukagula malovu a mwana wa eni.

Azibambo ena analowa n'kukhala mwamanyazi, miyendo atapinda, osakuwa. Mpira wopanda kukuwa sunawakomere, ndipo wina atayamba kutukwana wosewera ndinangomuyang'ana, n'kumutchula dzina la amayi ake. Pofika pakati onse anali atatuluka. Akamwini anaonera pazenera, ataima pa njerwa, khosi atapotoza kuti maso awo asakumane ndi anga. Chigoli chinalowa iwo akusuntha njerwa.

Lamulungu ndinapita ku Misa ya mmawa, mphasa nditaisiya ili choyala, ndipo ndinabwerera nyimbo yomaliza isanathe. Ndinakhalanso.

Lachiwiri mwana wanga anabwera ndi nkhuku yaikazi yonenepa ndi chitenje chatsopano.

"Akuti mulandire, amayi, kuti manyazi athe. Muzikhala pamodzi, muzilankhulana ngati mayi ndi mwana."

Mwambowo ulipo, sindikukana. Mkamwini amene wakhala zaka, wasonyeza khalidwe, amapereka kanthu ndipo kupewana kumatha. Koma zaka zonsezi sanaganizepo za nkhuku. Anaiganiza sabata imene pakeji yawo yodula inkapita pachabe. Ndikanalandira, akanalowa ine ndili momwemo, n'kudzaza nyumba ndi anthu, ndipo munthu mmodzi sangayang'ane manja makumi awiri.

"Nkhukuyi mwaigula ndi chiyani?"

"Amayi!"

"Ibwezere. Uwawuze kuti manyazi anga akadalipo ambiri."

Milungu inayi ndinakhala pamphasa paja. Kumphakati sindinapite, amayi anzanga anatuma munthu kudzafunsa ngati ndasiya kupemphera. Pachitsime ankati ndalodza mpira. Wokonza njinga uja anakana kundipopera tayala la wilibala. Mlongo wanga anabwera kudzandiuza kuti ndikupasula banja la mwana chifukwa cha mbatata. Ndinamufunsa ngati iye adzandigulira feteleza. Anayamba kukamba za mvula.

Mwezi utatha tivi inangoonetsa mawu ofuna ndalama. Panalibe mbewu yolipirira, ndipo anzawo aja anakana kusonkhera mpira woonera pazenera. Mmawa wina ndinamva kugogoda pakhoma. Akamwini anali pamakwerero, kuzula dishi. Anapeza kanyumba ka lendi ku Linthipe, pafupi ndi msika, koti azionetsa mpira anthu n'kumalipira pakhomo. Anatenga mkazi wawo ndi adzukulu anga onse atatu. Sanatsanzike, anangotuma mawu kudzera kwa mlongo wanga kuti akupita kukafuna ganyu. Wamng'ono ankalira kuti akufuna kutsala. Ndinamumva ndili m'nyumba, sindinatuluke, chifukwa kachipinda kaja kanali kopanda chitseko ndipo anthu onyamula katundu anali ambiri.

Sabata yotsatira ndinanyamula mbewu m'malichero, pang'onopang'ono, kupita nayo kudimba. Mizere ndinali nditakonza yonse, kuyambira kumtsinje mpaka kuchitsime. Poyang'ana mbewuyo ndinadziwa kuti ithera pakati.

Dzuwa litakwera ndinaona munthu akutsika njira ya kudambo. Anali mwana wanga. Anali atakwera minibasi kuchokera ku Linthipe, yekha. Anapereka moni, ndinayankha. Anatenga lichero n'kuyamba mzere wake, kuika mbatata mphukira zitayang'ana kumwamba, monga ndinamuphunzitsira. Ine ndinapitiriza mzere wanga. Manja ake ndi achangu kuposa anga, ndipo ine maso anga anali pa manjawo. Mbewu inatha titangopitirira theka la dimba. Mizere inayo inangokhala.

Anasamba m'manja pachitsime, n'kumanga bwino chitenje.

"Ndapita, amayi. Ana ndawasiya okha."

"Takutumula chitenjecho."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamasula, n'kukutumula kawiri pamaso panga. Munagwa dothi lokha. Anamanganso, anakwera chitunda osacheuka, ndipo chiyambire tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pano. Ine ndinatola malichero, n'kuyamba kuthirira.