Mzere wa Moni ku Govan

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinaona amayi anga akuimitsa nyimbo ya mpingo wonse ndi dzanja limodzi. Ndikunena amayi omwewa amene mpaka lero wina akawaponda phazi m'basi, iwo ndi amene amayamba kupepesa.

Tinkakhala ku Govan, m'dziko la Asikoti, m'fulati ya pamwamba, pafupi ndi pamene amapangira sitima zapamadzi. Amayi anali namwino pa chipatala chachikulu cha kumeneko. Lamlungu masana tinkapemphera ndi Amalawi anzathu m'holo ya tchalitchi cha Asikoti, imene eniake ankatibwereka akaweruka. M'holomo munkamveka fungo la khofi ndi la majekete onyowa.

Mapemphero akatha sitinkangobalalika. Abusa ankaima kutsogolo, wina n'kuwapatsa moni n'kuima pambali pawo, wotsatira n'kupatsa moni awiriwo n'kuima nayenso, mpaka mzere kuzungulira holo yonse kukafika pakhomo, uku tikuimba. Kumudzi zimenezi zimachitikira panja, koma ife mvula ya kuno inkatitsekera m'kati. Ana tinkadana nawo mwambowu chifukwa unkachedwetsa mandasi.

Wotsiriza kuyenda mumzere ankagwira dzanja la munthu aliyense, ndipo nthawi zonse ankakhala ankolo Limbani, poti ndiwo ankaliza kiyibodi. Sanali abale athu. Kuno mwamuna aliyense wochokera kwathu ndi ankolo. Anali injiniya, wamtali, wosachulutsa zolankhula. Ndiwo okha ankakumbukira kutsitsa phokoso la sipika chifukwa cha mlongo wanga Madalitso.

Madalitso anali wamng'ono kwa ine. Sankalankhula kwenikweni, phokoso likakula ankatseka makutu, ndipo munthu akamugwira ankakuwa ngati wapsa. Kwa nthawi yaitali anthu mumpingo ankati ali ndi chiwanda. Ankamuzungulira, kumusanjika manja, kumuthira mafuta, kulamula chiwandacho mofuula kuti chituluke, iye akugudubuzika pansi. Kenako madokotala anati ndi otizimu, kutanthauza kuti ubongo wake umamva ndi kuona zinthu m'njira yakeyake. Kuyambira pamenepo amayi anasiya kupita naye kutsogolo, koma sanakangane ndi munthu.

Nkhani ya ankolo Limbani inachokera ku Hillhead, dera lina la mumzinda momwemo. Mayi wina wa mumpingo anawaona pa siteshoni ya sitima ya pansi panthaka ali ndi mwamuna wachizungu. Kwathu amuna kugwirana manja poyenda si nkhani, koma awiriwa anapsompsonana potsanzikana. Lisanalowe dzuwa mafoni anali atalira m'nyumba zonse, mpaka ku Easterhouse, kumalekezero a mzinda. Akulu a mpingo anawaitanitsa, ndipo ankolo sanakane. Anati munthuyo amakhala naye, ndipo amamukonda. Akuluwo anawauza kuti asakhudzenso kiyibodi. Zonsezi ndinazimva ndikunamizira kutsuka mbale, paja khutu la mwana lilibe chitseko.

Aliyense ankayesa kuti sabweranso. Koma Lamlungu lotsatira anabwera, nakhala pa mpando wakumbuyo. Linali tsiku la amayi a mumpingo, choncho amayi anga anali atavala bulauzi yoyera ndi duku loyera, ndipo ndiwo ankatsogolera nyimbo. Popanda kiyibodi mawu athu ankamveka opyapyala.

Nthawi ya moni itakwana, ankolo anadikira mpaka onse ataima, monga mwa masiku onse. Ndinaona kuti avala kale jekete ndipo atseka zipi mpaka m'khosi. Abusa anawapatsa nsonga za zala. A Kamwendo, mkulu wa mpingo amene tonse tinkamuopa, anapinda manja kumbuyo n'kuyang'ana kudenga. Basitu, kuchokera pamenepo manja anayamba kusowa. Lina linalowa m'thumba, lina linafungatira buku la nyimbo, mayi wina anatanganidwa ndi kukonza chipewa cha mwana chimene chinali bwinobwino. Nyimbo inkapitirira. Ankolo ankangoyenda dzanja lili chitambasulire, ndipo kumapeto kwa mzerewo kunali khomo. Ngakhale ndinali mwana, ndinadziwa kuti akatuluka pakhomo paja sitidzawaonanso.

Atafika pa amayi, amayi anagwira dzanja lija, osalisiya. Anakweza dzanja linalo m'mwamba, nyimbo n'kuduka pakati pa mawu. M'holo munangoti zii, kumangomveka mvula pa mawindo.

"Tiyambirenso mzerewu," anatero amayi. "Sunayende bwino."

Anawakoka ankolo ngati mwana wokana sukulu, kubwerera nawo mpaka kutsogolo, nakaima pamaso pa a Kamwendo. Anapinda maondo pang'ono mwaulemu, monga anaphunzirira kwawo.

"Mayi a Madalitso, musatichititse manyazi m'nyumba ya Mulungu," anatero a Kamwendo motsitsa mawu.

"Pepani bambo, ndilankhule pang'ono. Mwana wanga uja munamufuulira kuti chiwanda chituluke. Inenso ndinkafuula nawo. Palibe chinatuluka, chifukwa munalibe kanthu. Tinkangomuzunza mwana. A dokotala atandiuza kuti ubongo wake unapangidwa mwa mtundu wina, ndinalira sabata yonse. Kenako ndinadzifunsa kuti, kodi anaupanga choncho ndani? Ineyo? Satana amaumba ana masiku ano?"

"Zimenezo n'zosiyana, mayi. Mwana wanu ndi wodwala. Ili ndi tchimo."

"Mwana wanga sakudwala, bambo. Ndi mmene alili. A Limbaninso ndi mmene alili. Ndani angasankhe dala kuti ayende holo yonseyi dzanja lili m'malere? Ine ndinalakwitsapo kamodzi pa mwana wanga wobereka ndekha. Sindikufuna kulakwitsanso pa mwana wa mnzanga amene amake ali kutali."

Ndinali ndisanamvepo amayi akulankhula motalika choncho pagulu. Anali waafupi kuposa amuna onse awiriwo, koma tsiku limenelo ndinkachita kuwayang'ana ngati ndikuyang'ana nyumba yosanja. Ndinkanyadira, ndinkaopa, ndipo ndinkadzifunsa kuti munthu ameneyu amabisala kuti masiku onsewa m'nyumba mwathu.

A Kamwendo sanatulutse dzanja. Amayi sanawakakamize. Anapindanso maondo, nasunthira kwa wotsatira, dzanja la ankolo lili m'dzanja lawo. Pa munthu aliyense ankaima, kumutchula dzina, n'kunena kuti, "A Limbani akukupatsani moni." Kukana munthu pagulu la anthu oimba n'kosavuta, koma kumukana pali zii, mayi wovala zoyera akukuyang'ana m'maso, ndi nkhani ina. Manja anayamba kutuluka m'matumba, ena monyinyirika, ena mofulumira ngati ankangodikira woyambitsa. Agogo ena aakazi anawakumbatira ankolo n'kuyamba kulira. Ena anakanabe. Atafika pa ine ndinagwira dzanja la ankolo. Linali lozizira ndiponso lonyowa ndi thukuta. Pakhomo ankolo anaima kanthawi, kenako anatsitsa zipi ya jekete nabwerera kukamwa tiyi.

Musaganize kuti zinathera pamenepo mokoma. Mabanja angapo anachoka mumpingo, ena mwa iwo anzathu apamtima. Amayi anachotsedwa pa utsogoleri wa nyimbo, ndipo mafoni amene ankalira kwathu madzulo aliwonse analeka. Akulu a mpingo anakambirana nkhaniyi kwa nthawi yaitali, mpaka lero sagwirizana onse. Koma ankolo Limbani sanachoke, ndipo patapita nthawi anabwerera pa kiyibodi. Mnzawo wachizungu uja amabwera nawo nthawi zina, n'kumapotoza Chichewa cha m'nyimbo mpaka ana kubisa nkhope.

Nditakula ndinawerenga zambiri, ndipo ndinapeza kuti si onse amene amavomereza kufanizira kumene amayi anachita. Ngakhale ankolo Limbani amaseka akakumbukira. Amati, "Amayi ako anandiika gulu limodzi ndi Mada osandifunsa, koma gulu lake ndi labwino, ndikhala momwemo." Chaka chatha ndinawafunsa amayi tikuchokera kokagula zinthu, ngati anali otsimikiza kuti kukonda mwamuna mnzako n'chimodzimodzi ndi otizimu.

"Ine sindine dokotala wa ubongo, mwanawe," anandiyankha. "Ndinalankhula ndi zimene ndinali nazo."

Ndinawauza kuti moyo wanga wonse sindinaonepo munthu wolimba mtima ngati iwo tsiku lija. Anaima pakati pa msewu, zikwama zili m'manja, n'kuseka mpaka misozi.

"Kulimba mtima kwake kuti? Miyendo inkanjenjemera ngati ya mwana wa mbuzi. Ukuyesa dzanja la Limbani ndinkaligwiritsa chifukwa chiyani? Ndikanalisiya ndikanagwa."

Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti amayi anali ndi mayankho amene ena onse analibe. Tsopano ndikumvetsa kuti analibe mayankho, ndiponso mantha anali nawo ngati wina aliyense. Anangoona kuti mayankho angachedwe zaka, pamene munthu uja anali atatsala pang'ono kufika pakhomo.