Chimene Chinagwetsa a Arlindo

Zoti a Arlindo Furtado ayambiranso mowa ndi bodza. Ine ndimakhala nawo moyandikana kuno ku Nipomo, ndipo mpanda wathu ndi waufupi.

Bambowa ntchito yawo ndi yokama mafuta m'masamba a bulugamu. Ali ndi chimakina chopanikiza mpweya uja wochititsa thovu m'zakumwa, mpaka umayenda ngati madzi n'kutsuka mafuta m'masambamo. Koma kuumira kwawo, mazenera a shedi yogwiriramo ntchitoyi ankatseka onse, ati fungo lingawathawe.

Lachiwiri akazi awo, a Noreen, anawapeza ali kwala pansi. Anawakokera panja chogwira miyendo, uku akulalata: "Ndinanena ine, mukadzalawanso ndikupita kwa achemwali ku Fresno!"

Atatsitsimuka, a Arlindo anati, "Mayi, tandinunkhizani kaye."

A Noreen anawanunkhiza. "Mukununkha ngati mankhwala a chifuwa, nkhalamba inu."

Paipi ya chimakina chija inali itang'aluka. Mpweyawo ndi wolemera, umadikha pansi ngati chithaphwi, ndipo a Arlindo anali atawerama kuti atole sipanala. Pano sutikesi ya a Noreen ya pa ulendo uja yabwerera pamwamba pa wadirobu, mazenera ali chitsegulire.

A Arlindo anakomoka ndi mpweya wa makina awo, mowa sanaulawe.