Dzanja lamanzere la amayi

Diso lamanja la amayi litayamba kufiira, tonse kunyumba kwathu ku Kanjedza tinasanduka madokotala. Ine ndinati ndi fumbi la mu Limbe, kumene ankagulitsa nsalu. Mayi wina woyandikana nafe, yemwe anali ndi khanda, anawadonthezera mkaka wa m'mawere. Diso silinamve. Linatupa n'kuyamba kutuzuka, ndipo amayi ankati m'mutu mukumveka ngati munthu akupopa tayala la njinga.

Kuchipatala cha maso, dokotala anawauza kuti atsinzine, n'kuika chomvera mtima chija pachikope. Ndinafuna kuseka. Koma atandipatsa kuti ndimve nane, ndinamva fuu, fuu, motsatana ndi kugunda kwa mtima. Atawajambula m'mutu, anatifotokozera kuti kuseri kwa diso mitsempha iwiri inabooka n'kulumikizana. Wobweretsa magazi unkathira mu wobweza, choncho diso linkapanikizika, ndipo zikanapitirira likanafa. Akatswiri otseka bowo lotere ali kunja kwa dziko, koma la amayi linali laling'ono, loti mwina n'kutsekeka lokha.

"Muzikhala pampando n'kudina apa pakhosi pang'ono, kangapo pa tsiku, kuti magazi azichepa mphamvu, bowolo litsekeke," anatero dokotalayo. "Ndi dzanja lamanzere, ndipo muzidina nokha. Magazi akachepa ku ubongo, dzanjalo lifooka n'kugwa lokha."

Mawu akuti nokha ndi amene anavuta. Kwathu ku Nsanje wodwala sanyamula ngakhale kapu. Azakhali, achemwali awo a bambo, atabwera kudzazonda matenda anapeza amayi atadzigwira pakhosi, ine ndikungoyang'ana.

"Mwana iwe, manja akowo ndi a chiyani? Chotsani dzanja alamu, ndikuthandizeni."

Azakhali ndi munthu wa khasu, ndipo anadina pakhosipo ndi mphamvu ya kumunda. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, amayi anali atapendekeka pampando, maso atatembenuka. Ndinakankha mkono wa azakhali, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo chibadwire. Amayi anatsitsimuka, koma mantha a tsiku limenelo ndimawamvabe. Azakhali anabwerera kumudzi akunena kuti ana a m'tauni alibe chisoni, ndipo sindinawatsutse.

Kuyambira pamenepo, amayi akamadina ndinkangokhala pambali, manja ali pamiyendo. Palibe ntchito imene inandilemerapo ngati imeneyo.

Mmene mvula inkatha, diso linali litaphwa. Tsiku lina m'mawa amayi anaphimba diso lamanzere ndi chikhatho, n'kundiyang'anitsitsa ndi lodwala lija.

"Iwe," anatero, "imvi zimenezi zayamba liti?"