Gasiketi wa Galimoto ya Amalume

Galimoto ija amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni ine ndisanabadwe, ndipo ankati ndi yomwe idzawaperekeze kumanda. Atayamba kudwala anandiitanitsa ku Kandeu kuti ndikaidzutse, poti ine ndine makaniko pa Lizulu.

Nditatsegula injini ndinaona kuti buloko yake ndi ya zoyambirira zija, zomwe ndinali ndisanagwirepo. Kabowo kodutsa oyilo kanali pambali pang'ono, osati pomwe ndinazolowera.

"Mphwanga, gasiketi wabweretsayu ndi wake?" anafunsa ali pampando, atafunda bulangete.

"Ndi wake, amalume. Injini izi n'zimodzi."

Ndinaona ndi maso angawa gasiketi atatseka kabowoko, koma ndinamanga mabawuti, uku ndikuimba kaluzu. Ndinachita manyazi kuvomera pamaso pawo kuti injiniyo sindikuidziwa.

Inalira masiku awiri, kenako inanoka posowa oyilo, n'kuferatu. Ndinawauza kuti ndi ukalamba. Anangogwedeza mutu, nati, "Takalamba tonse."

Bokosi lawo linapita kumanda pangolo yonyamulira mbatata. Galimoto ikadali kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Akazi awo mpaka lero akandiona amandigwira dzanja n'kundithokoza kuti ndinayesetsa, ine n'kumayankha kuti, "Zikomo, amayi."