Pikapu Imene Inayambanitsa Bambo ndi Amalume

Chaka china kampani yolumikiza magalimoto inatsala pang'ono kugwa, ndipo boma linaithira ndalama kuti idzuke. Itadzuka inabwera kudzajambula kanema wotsatsa pikapu yake m'minda ya tiyi ya pa esiteti yathu ku Thyolo. Amayi anga anali m'gulu la othyola tiyi amene anapatsidwa zitenje zatsopano ndi timbendera, n'kuuzidwa kuti azimwetulira galimoto ikamadutsa. Kuyambira tsiku limenelo, ngakhale popita kumpopi amayi ankayenda monyang'wa ngati kamera ikuwatsata.

Titamva kuti kanemayo aonetsedwa Lamlungu masana, osewera mpira akapita kopumula, komboni yonse inakhamukira kuholo ya esiteti kumene kunali TV. Ine ndinali nditangoyamba ntchito kufakitale, ndipo ndinakoka anzanga onse kuti adzaone amayi. Bambo, omwe ankayendetsa thirakitala, anavala jekete dzuwa likuswa mtengo. Amalume, mphunzitsi wa ku Makwasa, anapalasa njinga kudzaona mlongo wawo akutchuka.

Ng'oma inalira, tiyi wathu n'kuoneka wobiriwira kuposa mmene timamudziwira. Mawu a besi anati: "Tinagwa, koma tadzuka. Dziko lathu, galimoto yathu!" Bambo anadzambatuka, dzanja pamtima.

"Khalani pansi alamu," anatero amalume. "Awa si malonda, ndi kampeni. Misonkho yathu ikudzutsa kampani pomwe ana anga akuphunzirira pansi pa mtengo!"

"Nanga anyamata ogwira ntchito kumeneko akanadya chiyani?" bambo anayankha. "Boma ndi kholo. Mwana akagwa limamudzutsa."

"Mwana wake uti? Wa mabwana! Inuyo pikapu imeneyo mudzaigula liti?"

Holo inagawika pawiri. Ena ankakuwira bambo, ena amalume, ndipo mayi wina wogulitsa zitumbuwa ankavomereza mbali zonse ziwiri. Pamene tinkatembenukiranso ku TV, mpira unali utayambiranso.

"Ndaoneka?" amayi anafunsa. Panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa.

Mwamwayi mpira utatha anabwereza kanemayo. Ulendo uno amayi anaima kutsogolo, manja m'chiuno. "Wotsegula pakamwa, kaya ndi mwamuna wanga kaya mchimwene wanga, akadyera ku boma komweko!" Maso onse analunjika pa TV.

Tinaona azimayi othyola tiyi ali kutali, ang'onoang'ono ngati nyerere. Kenako pikapu inakhota pa kona ya kumunsi kwa fakitale, ndipo pambali pa msewu panaoneka bambo wina ataima ndi njinga, chipewa chili m'mwamba, akubayibitsa galimotoyo mano onse ali pamtunda. Nkhope inadzaza TV yonse.

Anali amalume.

Kunali chiphokoso! Ine ndinaseka mpaka kugwa pa benchi. Amayi ena analulutira, anyamata n'kuwanyamula amalume pamapewa kuzungulira nawo holo. Bambo misozi inali mbwembwembwe, akungoloza: "Mwana wa dziko uyo! Alamu anga awo!"

"Ndimayesa ndi abusa athu!" amalume ankakuwa ali m'malere. "Galimoto yawo ndi yoyeranso! Nditsitseni!"

Maganizo sanasinthe ayi. Pobwerera kunyumba ankanenabe kuti ndalama zija zikanamanga makalasi, bambo akunenabe za anyamata ndi ntchito zawo, uku akuwakankhira njinga alamu awowo. Koma pakati pa mkangano amalume anacheukira kwa ine n'kufunsa chapansipansi ngati shati yawo inaoneka yosita.

Amayi anali kumbuyo, akuuza aliyense wodutsa kuti dengu la kumapeto kwenikweni, lija linangooneka theka, linali lawo. Palibe anayerekeza kutsutsa. Madzulo amenewo anapha nkhuku, n'kuwapatsa amalume khosi lokha.